Ka Kubota ka m'dimba: tiikemo power steering kapena tisiye momwe anakapangira?

Mabvuto (Chiparamba): Muli bwanji nonse pagulu pano? Funso langa lipite kwa amakaniko ndi aliyense amene anagwirapo tithalakitala tating'ono ta ku Japan. Ndinagula ka Kubota B7001 kwa bambo wina amene anakasiya pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri. Injini tadzutsa, ndi ija ya dizilo ya masilinda 3, ikulira bwino ndipo utsi ndi wam'mawa wokha. Klatchi tasintha, mawaya takonza. Chatsala ndi penti ndi chiwongolero, ndipo chiwongolerocho ndiye nkhondo. Kuti ukhote kumapeto kwa bedi uyenera kugwira ndi manja awiri mpaka kunyamuka pampando. Popeza kali kale kophwasula, ndaganiza kuti nthawi yoikamo power steering (makina ofewetsa chiwongolero) ndi ino penti isanalowe. Kapena ndingosiya? Ntchito yake ndi rotaveta (khasu lozungulira lomangidwa kumbuyo) m'dimba la tomato ndi repu, ma lima awiri (theka la hekitala), ndi kukoka katirela ka manyowa.

aSakala makaniko (Kapata): Musanagule chilichonse aMabvuto, ikani jeke pansi pa ekiselo yakutsogolo, matayala onse awiri alendewere. Mukatero zungulitsani chiwongolero ndi chala chimodzi. Chikazungulira mosavuta kuchoka uku kufika uko, ndiye kuti vuto ndi kulemera kapena matayala. Chikalimbabe pomwe matayala ali m'mwamba, pali chimene chagwira. Pamenepo masulani drag link (chitsulo chokankha matayala kuti akhote) pa kamkono kotuluka m'bokosi la chiwongolero. Zungulitsani chiwongolero pachokha, kenako kankhani tayala ndi manja pachokha. Mudzadziwa pompo ngati mlandu uli m'bokosi kapena m'ma kingpin, zitsulo zimene matayala amakhoterapo. Kathalakitala aka kulemera kwake ndi pafupifupi theka la tani chabe. Sikayenera kudzutsa munthu wamkulu pampando.

Yona wa mawaya (Katete): Boss, musavutike ndi power steering ya oyilo. Manje anthu akuika ya magetsi. Mugule column yonse (ndodo ya chiwongolero ndi zake zonse) ya motoka yaing'ono kwa ogulitsa ma spare akale, ikhale ndi mota yake ndi kabokosi kake ka kompyuta. Mudula shafiti, muika pakati, mawaya atatu chabe: moto, earth ndi wa kiyi. Chiwongolero chimafewa maningi, ngakhale mwana wa Grade 7 akhoza kukhota.

aSakala makaniko (Kapata): Yona, moto umenewo uchokera kuti? Unayamba wakaona kamene kamachaja batire pa B7001?

Yona wa mawaya (Katete): Alitaneta kaili.

aSakala makaniko (Kapata): Palibe alitaneta pamenepo mwana wanga. Pali kadayinamo kakang'ono, kokwana kubweza moto wa sitata ndi kuyatsa timagetsi tiwiri. Pita ukaone fyuzi ya power steering pa motoka zimene ukunenazo, upeza ndi ya ma amp 50 kapena 60. Sikuti mota imadya moto wonsewo nthawi zonse, ayi, imadya pokhota. Koma pamsewu wa Great East ukhota kangati? M'dimba ukhota pa mamita 30 alionse, pang'onopang'ono, matayala ali m'dothi lofewa. Ndiye pamene mota imakoka kwambiri. Pofika masana batire yagona, uyamba kuitana ana kuti akankhe.

Yona wa mawaya (Katete): Ndiye aikenso alitaneta yaing'ono, ma amp 40 akwana. Bulaketi ndi lamba chabe. Si nkhani.

aPhiri aphunzitsi (Chadiza): Mwaona mmene zimayambira? Munthu wafunsa chinthu chimodzi, tafika kale pa alitaneta, bulaketi, lamba, kudula shafiti. Ine maganizo anga ndi akuti musakadule. Tithalakitala timeneti tinayamba kupangidwa cha m'ma 1976, ndipo chimene chatisunga mpaka lero n'chakuti mulibe zambiri zoti ziwonongeke. B7001 ndi imene inkagulitsidwa ku Japan komweko, mnzake wogulitsidwa kunja ndi B7100, ndipo zitsulo zambiri zimalowana. Mukafuna spare mumangotchula B7100 n'kuyerekeza ndi yakale. Manje mukasakaniza ndi za Toyota, tsiku limene mudzagulitse, wogulayo adzafunsa chiyani kusitolo? Adzati ndifuna cha thalakitala kapena cha motoka ya Vitz?

Asikulu aJere (Feni): Ana inu mwafewa. Ife tinayendetsa Massey Ferguson 135 yopanda zonsezo, yolemera katatu kuposa kanu ako, tsiku lonse m'munda wa fodya. Lamulo linali limodzi: osapotoza chiwongolero thalakitala itaima. Iyende kaye ngakhale pang'ono, ndiye upotoze. Ndipo chala chachikulu chizikhala kunja kwa chiwongolero, chifukwa tayala likagunda chitsa kapena mzere wouma, chiwongolero chimabwerera chokha mwamphamvu n'kukuthyola chala.

Amake Tisa (Msekera): Asikulu, ndi ulemu wonse, mapewa anuwo lero ali bwanji? Si inu munalemba pano mwezi watha kufunsa mankhwala opaka?

Asikulu aJere (Feni): Umenewo ndi ukalamba amayi, musaunamizire Massey.

Amake Tisa (Msekera): Hahaha chabwino asikulu. Koma pali funso limene amuna nonse simunafunse. AMabvuto, azikayendetsa ndani?

Mabvuto (Chiparamba): Mwafunsa bwino amayi. Masiku ambiri ndi amake ana, chifukwa ine ndimakhala kuntchito m'tauni mpaka Loweruka. Iwo ndiwo mwini dimba. Anakayesa tsiku lija tinadzutsa injini, anazungulira pabwalo kamodzi n'kutsika, amvekere bola khasu.

Amake Tisa (Msekera): Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Ine ndimayendetsa ka Yanmar kathu ndekha, ndipo ndikuuzeni, vuto si kukhota kamodzi. Vuto ndi lakuti m'dimba mabedi ndi aafupi. Kutsogolo kuli mpanda wa minga, kumbali kuli chitsime, malo otembenukira ndi ochepa. Asikulu akuti iyende kaye ndiye upotoze, zoona, koma m'munda wa fodya muli bwalo. M'dimba ukayenda kaye walowa mu anyezi. Umabwerera m'mbuyo, kupita kutsogolo, kubwereranso, dzanja limodzi lili pa chokwezera rotaveta. Ukamatsika madzulo mkono sukwera kufika pamutu. Mukasiya kolimba choncho, mudzapeza mwapenta bwinobwino chinthu choti chizingogwira ntchito Loweruka, pomwe masiku enawo mukulipirabe aganyu. Sindikuti ikani kapena musaike. Ndikuti amene azikhala pampandoyo ndiye anene ngati kafewa mokwanira, osati aSakala amene manja awo anazolowera sipanala.

aSakala makaniko (Kapata): Amayi sindikukana. Koma mverani. Chiwongolero cha B7001 chili ndi nthenda imodzi yodziwika. Pamwamba pa column, pansi penipeni pa chiwongolero, pali kabushi ndi seal. Zikatha, madzi a mvula amatsika ndi shafiti mpaka m'bokosi. AMabvuto anena okha kuti kanagona pansi pa mango, ndiye werengani dzinja lililonse limene kanavumbwa. M'bokosimo muli timipira tachitsulo timene timayenda pakati pa shafiti ndi nati, komanso ma beringi awiri, pamwamba ndi pansi. Madzi akakhala m'menemo, beringi yapansi imadyeka, timipira timachita dzimbiri, tina timasweka. Pamenepo chiwongolero chimalimba, kapena chimagwira malo amodzi n'kumasuka malo ena.

Manje ya magetsi ya Yona imakhala pamwamba pa bokosi. Mphamvu yonse ya mota imadutsa m'bokosi lomwelo. Dzanja la munthu likamva kulimba limaleka, koma mota sidziwa kuleka, imangokankha. Kuli ngati kumanga ng'ombe zamphamvu pa ngolo yothyoka ekiselo. Tsiku lina nati idzasweka, chiwongolero chizingozungulira chokha, ndipo pempherani kuti tsikulo musakhale pamtsetse ndi tirela kumbuyo.

Yona wa mawaya (Katete): Apo ndavomera amdala, bokosi liyambe lakonzedwa. Koma likakhala bwino ya magetsi ilibe vuto. Ndipo ubwino wake, fyuzi ikapsa kapena mota ikafa, shafiti ikadali yolumikizana. Chimangolimba ngati kale, mufika kunyumba.

aDaka (Petauke): Ma lima awiri chabe mukuvutikira chonchi? Ng'ombe ziwiri zimakhota ndi mawu okha, sizifuna dizilo, ndipo manyowa zimakupatsani zokha.

Mabvuto (Chiparamba): ADaka, ng'ombe zinalipo. Chigodola chinalowa m'khola. Tisayambe nkhani imeneyo, ndingalire.

aNyirenda admin (Lundazi): ADaka, za ng'ombe tsegulani mutu wake. Apa tili pa chiwongolero.

Lackson (Mchinji): Moni a kutsidya. Bwanji osaika ya hayidiroliki ngati mathalakitala akuluakulu? Pampu ilipo kale, ndi imene imakweza rotaveta. Valavu ya orbitrol yakale, ija yokhotetsa matayala ndi oyilo, imapezeka ku Lilongwe, ndipo kwa inu a ku Chipata kudzera pa Mwami ndi pafupi kusiyana ndi kupita ku Lusaka, makilomita opitirira 550.

aSakala makaniko (Kapata): Achimwene a ku Mchinji, imeneyo ndi ntchito yanga yeniyeni ndipo ndikanakonda ndalama yake, koma pa aka sindingalangize. Ndifotokoze.

Za hayidiroliki zilipo mitundu iwiri. Woyamba ndi wothandizira chabe: bokosi ndi drag link zimakhalapo, mumangowonjezera silinda ndi valavu imene imamva mukayamba kupotoza. Wachiwiri ndi wa orbitrol umene mukunenawo. Umenewo mumachotseratu bokosi, pakati pa chiwongolero ndi matayala pamatsala mapayipi a oyilo okha. Injini ikazima mumakhotabe movutikira chifukwa orbitrol imapopa pang'ono ndi dzanja, koma payipi ikaphulika mulibe chiwongolero, kwatha.

Mitundu yonse iwiri imafuna oyilo, ndipo pampu ya B7001 ndi yaing'ono, anaipangira kukweza zakumbuyo basi. Muyenera kuika valavu yogawa oyilo kuti chiwongolero chizilandira poyamba. Ndiye taganizani zimene amake Tisa anena. Kumapeto kwa bedi mukweza rotaveta ndi kukhota nthawi imodzi, injini ili pansi. Oyilo wochepa yemweyo agawike pawiri. Rotaveta izikwera mwaulesi, mpeni ukukanda bedi lomwe mwangomaliza. Njira ina ndi kuika pampu yachiwiri ya lamba ndi kathanki kake, koma tsegulani boneti muone ngati muli malo. Komanso oyilo wa hayidiroliki pa Kubota izi ndi yemweyo wa m'giyabokosi, amadutsa pa kasefa ka waya. Ngati ndi wakuda, valavu yanu yatsopano sikhalitsa. Pomaliza kuwerenga silinda, mavalavu, mapayipi opanitsa ndi mabulaketi, mwadutsa mtengo wa matayala onse anayi.

Ndipo amene muli kale ndi za hayidiroliki, payipi ikamadontha musafufuze ndi chala injini ikulira. Oyilo wa presha amaboola khungu. Gwiritsani katoni.

Lackson (Mchinji): Ndamva bwana. Ine ndinaiona pa thalakitala yokhala ndi loda (fosholo yonyamulira katundu) kutsogolo.

aSakala makaniko (Kapata): Eya, pa loda m'pamene imafunikadi, chifukwa katundu yense amakhala pa matayala akutsogolo. Popanda loda n'kuwononga ndalama. AMabvuto, tumizani chithunzi cha kutsogolo, ndione matayala.

Mabvuto (Chiparamba): Nachi. Pepani mdima, ndajambula m'shedi.

Amake Tisa (Msekera): Iii, nanga icho chili pabampala n'chiyani?

Mabvuto (Chiparamba): Ndi zidutswa ziwiri za njanji, mwini wakale anawotcherera. Akuti kankanyamuka kutsogolo akakweza rotaveta.

aSakala makaniko (Kapata): Ndiye mumafuna chifewe bwanji mutasenza njanji? Kulemera kutsogolo kumafunika, iye sanalakwe. Rotaveta ikakwera, kapena tirela ikalemera pachitunda, kutsogolo kumapepuka ndipo kathalakitala kakhoza kuimirira. Koma zidutswa ziwirizo zachuluka. Dulani ndi girayinda, mubowole, muzimanga ndi mabawuti kuti muziika chimodzi kapena kuchotsa malinga ndi ntchito. Ndikuonanso tayala lakumanzere lagona. Popani onse awiri mofanana monga zalembedwa pambali pa tayala. Tayala lopanda mpweya limakhala pansi ndi mimba yonse, kulikhotetsa ndi ntchito.

Asikulu aJere (Feni): Muonenso ka liva ka 4WD. Ambiri amangokasiya kolowa chaka chonse. Pabwalo louma kapena pamsewu chotsani, matayala akutsogolo akamakoka chiwongolero chimalemera. Ndi chopondera cha difu loko, chija chomanga matayala akumbuyo kuti azizungulira pamodzi, muone ngati chimabwerera. Chikakanirira pansi, thalakitala imafuna kupita molunjika ngakhale mupotoze bwanji.

aPhiri aphunzitsi (Chadiza): Mwaona? Zonsezi n'zaulere, girisi ndi mpweya.

Yona wa mawaya (Katete): Aphunzitsi musasangalale msanga, amayi sanayesebe.

aZimba (Sinda): Ine ndinaika ya magetsi pa ka Iseki kanga, ndiye ndinene zimene ndaona. Kufewa imafewadi, palibe bodza. Koma pali zitatu zimene Yona sananene. Si column iliyonse imene imagwira ikachoka pa motoka yake. Zina zimadikira uthenga wa liwiro kuchokera ku kompyuta ya motoka, zikapanda kuulandira zimangokhala duu. Za Prius ya 2004 mpaka 2009 zimadziwika kuti zimagwira zokha, za Vitz zina zimagwira zina ayi. Pitani ndi batire kwa wogulitsa, mulumikize pomwepo, mugwire shafiti yapansi ndi pulayala, mupotoze yapamwamba, mumve ngati mota ikuthandiza. Musalipire musanaone.

China ndi madzi ndi fumbi. Zinthu izi anazipangira kukhala m'kati mwa motoka pansi pa dashibodi. Pa thalakitala zili panja. Fumbi la rotaveta la mu Okutobala mukulidziwa, ndipo m'dimba mumathiriridwa. Kabokosi ka kompyuta ndinakaika m'chigubu chapulasitiki chotseka, mawaya akutulukira pansi.

Chachitatu ndicho chimandidetsa nkhawa. Chiwongolero chikafewa sumva kuti wafika pamapeto kapena kuti tayala latsamira mzere. Mnyamata wanga amangopotozabe. Ma tie rod end anga, mfundo za kumapeto kwa ndodo yolumikiza matayala akutsogolo, atha msanga kuposa kale.

aSakala makaniko (Kapata): Zikomo aZimba, apo mwanena zoona. Ndiwonjezere: shafiti ya chiwongolero isalumikizidwe ndi kuwotcherera kwa pamsika. Pakhale kapulingi ya mano kapena ya kiyi, yopangidwa pa lathe, yomanga ndi mabawuti. Ndipo mota imafuna bulaketi yolimba, chifukwa mphamvu imene ikukankhira shafiti ndi yomweyo imene ikukankhira pomwe mwaimangirira. Mukaimanga pa lata la dashibodi ling'ambika.

aPhiri aphunzitsi (Chadiza): Ngati mwatsimikiza kudula, pezani shafiti ina yakale mudule imeneyo. Yeniyeniyo musunge m'nyumba yopaka girisi, kuti wina akadzafuna kubwezera momwe kanalili adzathe.

Mabvuto (Chiparamba): Abale, ndabwera ndi lipoti. Loweruka tinachita monga ananenera aSakala. Titakweza ndi jeke chinali cholimbabe. Titamasula drag link, tayala lakumanja linkayenda bwino, lakumanzere linkachita kufuna phazi. Nipo ya girisi inali yotsekeka ndi dothi louma, tinaichotsa n'kuika ina, tinapopa mpaka girisi wakale wakuda anatuluka. Kenako tinatsegula bokosi. Munatuluka madzi ofiira pafupifupi kapu, oyilo munalibe n'komwe. Beringi yapansi inatuluka zidutswazidutswa, timipira tina tinali pansi pa bokosi, tokumbika ndi dzimbiri. Shafiti ili ndi mabala pang'ono chakumunsi. Zithunzi nazi.

aSakala makaniko (Kapata): Ndinanena. Shafiti ndi nati yake musinthe pamodzi, zimagulitsidwa ngati seti. Kuika timipira tatsopano pa shafiti ya mabala n'kutaya nthawi. Ma beringi onse awiri, seal yapambali, ndi kabushi kapamwamba kamene kanalowetsa madziko. Pomanga, ma shimu apachivundikiro ndiwo amapanga kuti shafiti isagwedere komanso isalimbe, musataye ngakhale imodzi. Kasikuluwu kapambali kokhala ndi loko nati muzikasintha chiwongolero chili pakati, matayala ataloza kutsogolo. Mukakamanga kwambiri pofuna kuchotsa kugwedera konse, chilimbanso. Muthire giya oyilo 90. Mukamaliza muyeze toe-in ndi tepi: kutsogolo kwa matayala kuchepe pang'ono chabe poyerekeza ndi kumbuyo.

Yona wa mawaya (Katete): Ndiye bizinesi yanga yafa apa?

Mabvuto (Chiparamba): Sinafe Yona. Ndakambirana ndi amake ana. Tikonza bokosi, tichotsa njanji imodzi, ndiye iwo alime nako mabedi a tomato wa m'chilimwe. Akati n'kolimbabe, tidzaika ya magetsi tikagulitsa soya, pa shafiti ina monga anenera aphunzitsi. Alitaneta yokha ndiika manje pomwe boneti ili pansi, chifukwa ndifunanso nyali yabwino yakumbuyo. Penti ya dashibodi ndiyamba ndaimika.

Amake Tisa (Msekera): Poyesapo rotaveta ikhale kumbuyo, ndipo ayesere m'dimba momwemo pa bedi lapafupi ndi mpanda, osati pabwalo. Inu muime patali, musawauze kuti kafewa iwo asananene.

Asikulu aJere (Feni): Ndipo musaike kachubu kaja kozungulitsira ndi dzanja limodzi pa chiwongolero chopanda power. Kakabwerera kamamenya pamkono.

aDaka (Petauke): Njanji mukuchotsayo musataye, ndifuna yosulirapo makasu.

Lackson (Mchinji): AMabvuto, jambulani shafiti yonse pafupi ndi tepi, muwerengenso mano a kumtunda kumene kumalowa chiwongolero. Ndipita ku Lilongwe Lachinayi, ndikafunse ngati seti ya B7100 ilipo. Zina zimasiyana kutalika, ndiye ndisakagule yolakwika.

Mabvuto (Chiparamba): Zikomo achimwene, nditumiza ku inbox madzulo ano ndikafika ku Chiparamba. Mukafunsenso mtengo wa tie rod end, yakumanzere ikugwedera.